Mutu wa pulojekiti yanu uli mu hadikava ya azakhali anu: malangizo kwa ophunzira za makompyuta a ku Dedza ndi Ntcheu

Tchuthi chachikulu chikamapita kumapeto, foni yanga imayamba kulandira uthenga umodzimodzi kuchokera kwa ana akwathu amene akukalowa chaka chomaliza ku UNIMA, ku MUBAS, ku MUST kapena ku Mzuzu University: "Achimwene, tandipatsaniko mutu wa pulojekiti." Ndimakana, ndipo ena amandiona ngati wouma mtima. Koma nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka. Tsiku limene mudzaime kutsogolo kwa aphunzitsi okuyesani, mmodzi n'kufunsa kuti, "Vuto limeneli munaliona kuti?" mutu wopatsidwa ndi munthu wina udzakusiyani kukamwa kuli yasa. Chimene ndingakupatseni ndi njira yoti mutuwo muupeze nokha, ndipo kwa inu a ku Dedza ndi ku Ntcheu njirayo ikuyambira pakhomo panu pomwepo.

Yambani ndi kope, laputopu idikire

Ambiri amayamba chafutambuyo. Amayamba anena kuti, "Ine ndikufuna za machine learning," kapena, "Ine ndimakonda Flutter," kenako n'kumasakasaka vuto loti alikanikizire m'chida chimenecho. Ena amangofunsa Google kapena ChatGPT, n'kutulukako ndi mitu ija aphunzitsi anatopa nayo kalekale: yobwereketsa mabuku mu laibulale, yosungitsa malo ku hositelo, yoitanitsa chakudya pa intaneti. Code ya mitu imeneyi ili mbwee pa GitHub, malo a pa intaneti osungirako code ya mapulogalamu, ndipo okuyesani akudziwa zimenezo kuposa inu.

Inu patulani masabata awiri a tchuthi, mutenge kope ndi cholembera, muyende. Lawirirani pa Lizulu, pamene msewu wa M1 ndiwo malire, uku Malawi uku Mozambique, mukhale pansi muone mmene kachewere, kabichi, matimati ndi anyezi zikugulidwira. Tsikani pa Tsangano turn-off, pa Bembeke, pa Chimbiya, pa Kampepuza. Kakhaleni nawo pa msonkhano wa banki m'khonde wa azakhali anu. Kachezeni ndi mlembi wa komiti ya mjigo, ndi wogulitsa feteleza ndi mbewu, ndi mwini chigayo, ndi tcheya wa siteji ya kabaza, ndi aphunzitsi amene amalemba malipoti a ana pa CDSS yapafupi. Chizindikiro chimene ine ndimayang'ana n'chimodzi: hadikava yothaitha. Paliponse pamene munthu akusunga hadikava yoda ndi thukuta la m'manja, yodzaza mizere yojambula ndi lula, ndipo akuikulunga m'jumbo poopa mvula, pamenepo pali ntchito imene kompyuta ingapepuze.

Samalani kafunsidwe. Musanene kuti, "Amayi, nditakupangirani app mungaikonde?" Anthu akwathu ndi aulemu, adzavomera kuti mwana wasukulu asachite manyazi, ndipo inu mudzabwerako ndi "eya" wopanda kanthu m'kati. Funsani za zimene zinachitika kale. "Amayi, ulendo wathawu pogawana ndalama munayamba nthawi yanji, munamaliza nthawi yanji? Alipo anadandaula kuti masheya ake sanawerengedwe bwino? Munaithetsa bwanji nkhaniyo?" Kwa mlimi: "Bambo, dzulo thumba munagulitsa zingati? Mtengowo munaudziwa musanakumbe, kapena munakaumvera pamsika pomwepo?" Akamayankha, lembani mawu awo momwe akuwanenera, osawasintha kukhala Chingerezi cha m'kalasi. Mawu amenewo ndiwo adzakhale msana wa chaputala chanu choyamba.

Pakutha pa masabata awiriwo, m'kope mwanu mukhale mavuto khumi kapena kuposerapo.

Petani

Si vuto lililonse limene ndi lanu. Msewu ukaterera m'dzinja, code singaukonze. Feteleza akakwera mtengo, database singamutsitse. Koma mlimi wa ku Tsangano akakumba mbatata yake, n'kulipira thiransipoti, n'kukapeza kuti pamsika padzaza kale ndipo mtengo wagwa, pamenepo chasowa ndi uthenga, ndipo uthenga ndiwo ntchito yathu. Choncho siyani okhawo amene gwero lake ndi kusowa uthenga, kuvuta kwa masamu, kapena kusokonekera kwa zolembedwa.

Kenako dzifunseni ngati anthuwo mungawafikenso kawiri kapena katatu m'kati mwa semesita ndi ndalama ya minibasi imene mungaipeze. Apa m'pamene kukhala wa kuno kumakupindulirani: malo ogona muli nawo, chinenero n'chanu, ndipo anthu akudziwa kuti ndinu mwana wa ayani. Mnzanu amene wasankha mutu wokhudza mabanki akuluakulu a ku Blantyre adzatha miyezi akudikira yankho la kalata, inu mudzangogogoda.

Chomaliza, chotsani vuto lililonse limene silikukukhudzani mumtima. Mudzagona nalo, kudzuka nalo, pafupifupi chaka chathunthu. Atsale atatu.

Foni ili m'manja mwa ndani?

Bwererani kwa anthu a mavuto atatu aja, ulendo uno mukaone mafoni awo. Musafunse chabe, pemphani mwaulemu kuti muione. Mudzapeza kuti ambiri ali ndi foni yamabatani, kuti foni yamakono imodzi imene ili pagulupo ndi ya mwana wa mlembi, kuti bandulo amagula ya WhatsApp yokha, ndiponso kuti kutchaja n'kolipira kumsika kapena kudikira dzuwa pa kasola. M'midzi ya m'malire foni imatha kugwira netiweki ya ku Mozambique mwini wake ali pakhonde pake ku Malawi, ndipo kuseri kwa mapiri a Dedza aliko malo amene munthu amachita kukwera pachulu kuti aimbe. Zonsezi zilembedwe, chifukwa ndizo zidzakuuzeni chida choyenera.

Ngati ogwiritsa ntchito ali ndi mafoni amabatani, njira zanu ndi SMS kapena USSD, ija yoimba nambala yoyamba ndi * n'kuthera ndi #. Ubwino wake ngwakuti simudzaphunzitsa munthu kuyambira pachiyambi: amene amatumiza ndalama pa *211# ya Airtel Money kapena pa *444# ya Mpamba akudziwa kale kusankha 1, kusankha 2, n'kudikira yankho. Koma dziwani malire ake musanalonjeze kanthu. SMS imodzi imanyamula zilembo 160 zokha, ndipo mukangoikamo chilembo chimodzi cha ŵ, uthenga wonse umasintha kalembedwe kake m'kati n'kutsika kufika pa zilembo 70. Tsamba limodzi la USSD silipitirira zilembo 182, ndipo munthu akachedwa kuyankha limaduka. Mawu a Chichewa ndi aatali. Yesani kulemba tsamba loyamba la pulogalamu yanu papepala, muwerenge zilembo. Mudzaona nokha kuti imeneyi payokha ndi ntchito yofuna nzeru.

Dziwaninso kuti kupeza nambala yanuyanu ya USSD kumafuna chilolezo ndi mgwirizano ndi makampani a mafoni, zimene wophunzira sangakwanitse pa nthawi ndi ndalama zimene ali nazo. Musataye mtima nazo: kampani ya Africa's Talking ili ndi malo oyeserera aulere amene amaonetsa USSD ngati pafoni yeniyeni, ndipo pa SMS mutha kusandutsa foni yakale ya Android kukhala yolandira ndi kuyankha mauthenga. Chimodzimodzi kulumikiza pulogalamu ku Airtel Money kapena Mpamba: mu proposal nenani poyera kuti gawo limenelo lidzakhala loyeserera.

Ngati pali foni yamakono imodzi pagulu, pangani app yogwira ntchito popanda intaneti, yosunga zonse m'fonimo ndi SQLite, database yaing'ono yokhala m'foni momwemo, yotumiza ku server pokhapokha netiweki ikapezeka. Webusaiti yofuna intaneti nthawi zonse, mwaipangira anthu a ku Area 47, osati a ku Kasinje.

Data: apa ndiye ine ndinapsa

Gawo ili ndilikhalitsa chifukwa ndi limene limagwetsa ambiri, ndipo linandigwetsapo ine.

M'chaka changa chomaliza ndinasankha kupanga app yozindikira chiwawu pa masamba a kachewere. Ndinakulira pakati pa minda imeneyi. Ndinaonapo munda wobiriwira bwino ukuda ngati wawauka ndi moto m'masiku ochepa chabe a mvula yamvumbi ndi nkhungu. Mutuwo unali wochokera pansi pa mtima. Zithunzi zophunzitsira model, pulogalamu imene imaphunzira kuzindikira zinthu poona zitsanzo, ndinatenga za PlantVillage, nkhokwe yaulere ya zithunzi zoposa 54,000 za masamba a mbewu zosiyanasiyana, kuphatikizapo mbatata imeneyi. Pa laputopu zotsatira zinali zokongola kwabasi. Nditapita nayo kumunda kwa amalume, inayamba kunena kuti tsamba labwinobwino likudwala, lodwala lili bwino.

Chifukwa chake ndinachimvetsa mochedwa. Zithunzi za PlantVillage anajambula tsamba limodzilimodzi, lothyoledwa, litagonekedwa pamalo amtundu umodzi opanda china chilichonse kumbuyo. Kumunda tsamba lili pakati pa anzake, kumbuyo kuli dothi lofiira, pamwamba pali mame, dzuwa likuwala mbali imodzi, ndipo kamera ndi ya foni yotchipa. Ngakhale akatswiri amene anayesa zithunzi zimenezi mu 2016 anapeza zomwezo: model imene inkakhoza kuposa 99 pa 100 pa zithunzi za m'nkhokwemo inatsika kufika pafupifupi 31 pa 100 itapatsidwa zithunzi zojambulidwa kwina. Nditaganiza zojambula zithunzi zanga, inali miyezi yachilimwe. M'minda ya kumtunda munalibe mbewu, ndipo m'madimba ochepa amene ndinafika chiwawu chinali chosowa. Ndinamaliza, koma ndi theka la zimene ndinalonjeza, ndipo mpaka lero zimandiwawa chifukwa alimi aja anandipatsa nthawi yawo.

Ndiye inu, musanalembe mutu uliwonse papepala la a supavaiza, yankhani mafunso awa ndi umboni m'manja. Data imene ndikufuna ilipo? Ndaiona ndi maso anga, kapena ndangomva kuti "ku ofesi ili nayo"? Mwini wake wavomera kundipatsa? Ngati ndiyenera kutolera ndekha, nyengo yake ikugwirizana ndi kalendala ya sukulu? Funso lomalizali musalipeputse. Chiwawu chimachuluka mvula ikakhazikika, cha mu January ndi February. Magulu ambiri a banki m'khonde amagawana kumapeto kwa chaka. Malipoti a ana amalembedwa teremu ikamatha. Ngati mwezi wanu wotolera data sukugwera pa nyengo imeneyo, sinthani mutu kapena yambani kutolera tsopano, proposal isanavomerezedwe n'komwe.

Njira yachidule yodziyesera nayi: patsiku limodzi, tolerani zitsanzo makumi awiri zenizeni. Zithunzi makumi awiri za kumunda, kapena mizere makumi awiri yokopera mu hadikava, kapena mitengo makumi awiri ya pamsika. KoboToolbox kapena ODK, zida zotolerera data pa foni, zingakuthandizeni, ndipo zimagwira ntchito popanda netiweki. Ngati makumi awiri akukanikani tsiku lathunthu, zikwi ziwiri simudzazipeza.

Fupa lake lili pati?

Okuyesani ali ndi funso limene salephera kufunsa: "Computer science yake ili pati pamenepa?" Fomu yolowetsa dzina, kusunga, kusintha ndi kufufuta, imeneyo ndi ntchito ya chaka chachiwiri. Pulojekiti ya chaka chomaliza iyenera kukhala ndi fupa, chinthu chimodzi chovuta chimene mudzalimbane nacho ndi kuchifotokoza. Nkhani yabwino njakuti mavuto akwathu ali ndi mafupa enieni, amangofuna kuwafufuza.

Tengani banki m'khonde. Masamu ogawana ndi osavuta: ndalama zonse kugawa ndi masheya onse, kenako kuchulukitsa ndi masheya a munthu aliyense. Fupa lili pena. Mlembi ndi msungichuma akalemba pa mafoni awiri popanda netiweki, wina n'kulemba kuti mayi uje wabweza ngongole, wina osalemba, mafoniwo akadzalumikizana zoona zidzakhala ziti? Nanga mungapange bwanji kuti munthu asathe kusintha nambala ya mwezi watha mwakachetechete, gulu osadziwa? Hadikava ili ndi ubwino umenewu: pofufutidwa pamaoneka. Pulogalamu yanu ikalephera kupereka chitetezo chomwecho, amayi aja adzakhala olondola kuikana. Kugwirizanitsa zolembedwa zotsutsana ndi kusunga mbiri yosafufutika ndi nkhani zimene mabuku a distributed systems amakambapo mozama, ndipo inu mwazipeza pansi pa mtengo wa mango.

Tengani mitengo ya pamsika. Aliyense amaganiza zotumizira alimi mitengo pa SMS, koma kafunseni pa Lizulu kuti kilogalamu ndi zingati. Kumeneko malonda amayenda pa mulu, pa ndowa, pa dengu, pa thumba, ndipo thumba lina ndi losokerera pamwamba moti limaposa linzake kutali. Wina akutchula mtengo m'makwacha, wina m'mametikali. Wogula wopikulitsa ali ndi chifukwa chonenera mtengo wotsika, wogulitsa wokwera. Kusandutsa zonsezi kukhala nambala imodzi yodalirika, ndi kuzindikira amene akunama dala pakati pa otumiza mitengo, limenelo ndi fupa lokwanira digiri.

Kapena tengani chinenero chathu chomwechi. Liwu loti "sindidzakupatsaninso" ndi limodzi, koma m'kati mwake muli kukana, mwini kuchita, nthawi yam'tsogolo, wochitiridwa, tsinde, ulemu ndi kubwereza. Munthu akasaka "patsa" m'mauthenga a alimi, pulogalamu yanu idzalipeza liwu limeneli? Nanga akalemba "bwnj" m'malo mwa "bwanji"? Google Translate inalandira Chichewa mu 2014, koma zida zing'onozing'ono zaulere zoti wopanga mapulogalamu angotenga n'kugwiritsa ntchito, monga zodulira mawu kufika pa tsinde kapena zokonzera kalembedwe ka pa SMS, zikadali zochepa. Ine ndikanakhala ndikusankha lero, ndikanalowera kumeneku, ndipo ndimalakalaka ana a kuno ambiri atatero.

Pa mavuto anu atatu aja, lembani fupa la lililonse m'chiganizo chimodzi. Limene likukanika kutulutsa fupa, lisiyeni.

Onani zimene ena anachita kale

Safunsa anadya phula. Pitani ku dipatimenti mukapemphe malipoti a zaka zitatu kapena zinayi zapitazo, ndipo muwerenge makamaka tsamba lakumapeto limene wolemba amanena zimene sanathe kuchita. Mitu yabwino yambiri yagona pamenepo. Sakani pa Google Scholar. Fufuzaninso zimene zikugwira ntchito kale m'dziko muno. Musapite kwa a supavaiza ndi ganizo la "nambala yoti odwala aziimba kufunsa malangizo" musanadziwe kuti Chipatala Cha Pa Foni chinayamba kwa anansi athu ku Balaka mu 2011 ndipo chinafalikira dziko lonse pa 54747. Musalonjeze kupanga nkhokwe ya ziwerengero za zipatala musanamve za DHIS2, imene Unduna wa Zaumoyo umagwiritsa ntchito. Okonda za chinenero, pa Zindi, webusaiti ya mipikisano ya za data, panachitikapo mpikisano wogawa nkhani za m'nyuzipepala za Chichewa m'magulu. Kaoneni zimene anzanu anayesa.

Mukapeza kuti wina anachitapo, si mapeto. Funso n'lakuti yake ikulephera pati ikafika ku Mtakataka kapena ku Bilira, ndipo yankho lake ndilo gawo lanu.

Dulani mpaka ukwane m'manja

Pofika apa mwatsala ndi mutu umodzi, kapena iwiri. Ngati ndi iwiri, sankhani umene data yake muli nayo kale.

Tsopano udulireni. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Proposal imene ikulonjeza app ya alimi yokhala ndi mitengo, zanyengo, matenda a mbewu, ngongole, msika wa pa intaneti ndi kucheza ndi alangizi, yonseyo munthu mmodzi m'masemesita awiri, imathera pa masamba asanu ndi limodzi osagwira ntchito. Sankhani mbewu imodzi, msika umodzi, gulu limodzi, ntchito imodzi. "Pulogalamu ya ulimi ku Malawi" si mutu. "Kutolera ndi kuyeretsa mitengo ya kachewere ya pa Lizulu kudzera pa SMS" ndi mutu.

Powerengera nthawi, chotsani masabata a mayeso, masabata olemba lipoti, ndi masiku amene magetsi adzazime kapena laputopu idzadwale. Otsalawo ndiwo anu, ndipo mudzadabwa kuchepa kwake. Muyeso wanga ndi uwu: ngati simungathe kupanga kachinthu kosakongola koma koyenda, koonetsa fupa lija, m'masabata atatu oyambirira, mutuwo ukadali waukulu.

Okonda za timakompyuta ting'onoting'ono ta Arduino ndi ESP32, komanso masensa, monga kuyeza chinyezi m'dimba kapena kuzizira m'nkhokwe ya mbewu ya mbatata, werengerani mtengo wa chipangizo chilichonse lero lomwe, muonjezepo chapadera chifukwa china chidzapsa ndithu. Zambiri n'zoitanitsa kunja: pamafunika ndalama yakunja, msonkho, ndi masabata odikira. Funsani kaye ngati labu ya dipatimenti ili nazo zobwereketsa. Okonda machine learning opanda laputopu yamphamvu, Google Colab ndi Kaggle zimapereka makina aulere, koma bandulo ndi yanu, iwerengereni.

Chilolezo

Gawo ili ambiri amalikumbukira mochedwa. Tengani kalata ya ku dipatimenti yonena kuti ndinu wophunzira. Polowa m'mudzi kukafunsa anthu mafunso, yambirani kwa anyakwawa, ngakhale mudziwo ndi wanu. Pamsika, kwa komiti ya msika. Kwa alimi, kudzera kwa alangizi a ku EPA, ofesi ya zaulimi ya m'deralo. Munthu aliyense mumuuze m'Chichewa chomveka zimene mukutolera, kumene zikupita, ndi kuti ali ndi ufulu wokana. Maina, manambala a foni ndi ngongole za anthu si zoika mu lipoti kapena pa GitHub. Sinthani maina akhale manambala. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza data ya anthu la 2024, ndipo silipatula ophunzira.

Chilichonse chokhudza odwala chimafuna chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku, ya pasukulu panu kapena ya dziko lonse ya NHSRC, komanso cha akuluakulu a zaumoyo m'boma. Zimatenga nthawi. Ngati mtima wanu uli pa zaumoyo, yambani kalata zimenezi sabata yoyamba, kapena sankhani mbali yosakhudza mafayilo a odwala.

Palinso zina zimene kalata ya ofesi payokha siikwanira. Chaka ndi chaka pamapezeka mwana wa ku Dedza wofuna kuika zojambula za m'mapanga a Chongoni pa app, poti malowa, okwana 127, analowa m'ndandanda wa UNESCO mu 2006. Ganizo ndi labwino. Koma zina mwa zojambulazo n'za chinamwali ndi za Nyau, ndipo eni ake alipo, ali moyo. Kafunseni akuluakulu chimene chingaonetsedwe ndi chimene sichingaonetsedwe musanatulutse kamera m'thumba.

Chiganizo chimodzi, tsamba limodzi, kenako a supavaiza

Musanapite kukagogoda, mutu wanu ukwane m'chiganizo chimodzi chimene azakhali anu angachimve. Mwachitsanzo: "Ndikufuna kuthandiza alembi a banki m'khonde a ku Bembeke, amene amatha tsiku lonse akuwerengera zogawana ndipo nthawi zina amasemphana, powapangira app yosafuna intaneti imene siilola kusintha zolembedwa mobisa." Ngati mukulephera kunena m'Chichewa chotere, ndiye kuti nanunso simunaumvetse, ndipo Chingerezi chikungobisa.

Onjezerani mmene mudzadziwire kuti zatheka. "Anthu anaikonda" si umboni. Umboni ndi wotere: mlembi awerengere zogawana pamanja, muyeze nthawi ndi kuwerenga zolakwika, abwereze pa app, muyezenso. Perekani foni kwa anthu asanu kapena khumi amene sanaionepo, muone angati amaliza ntchito inu osatsegula pakamwa. Dulani netiweki pakati pa kutumiza, muone ngati pasowa kanthu. Wa model, aiyese pa zithunzi za kumunda zimene sinazionepo, osati pa za m'nkhokwe momwe inaphunzirira.

Zonsezi zikwane patsamba limodzi: vuto ndi amene munalimva kwa iwo, zimene ena anachita, fupa, data ndi umboni woti ilipo, zimene simudzachita, ndalama, ndi kayezedwe. Mzere wa zimene simudzachita muulembe mosabisa. Udzakutetezani tsiku la defence, loima pamaso pa okuyesani, wina akafunsa chifukwa chake app yanu siitumiza ndalama.

Posankha a supavaiza, ngati sukulu yanu imalola, yang'anani awiri mwa atatu awa: odziwa za fupa lanu, opezeka mu ofesi, obweza zolemba ndi ndemanga. Funsani amene anamaliza chaka chatha, akudziwa. Polowa, musanene kuti, "Sir, ndilibe topic." Nenani kuti, "Ndabwera ndi mutu uwu, ndipo izi ndi zitsanzo makumi awiri zimene ndatolera kale." Ikani kope lanu lija patebulo. Mitu ina yotsala ija ikhale m'chikwama, chifukwa atha kukuuzani kuti wina wautenga kale, kapena kuti ngwaukulu. Akaudula, musakangane nawo pofuna kuteteza tinthu tokongoletsa; tetezani fupa lokha.

Akavomera, tsiku lomwelo tsegulani repository, malo osungira pulojekiti yanu, pa GitHub, muikemo tsamba limodzi lija, ndipo zithunzi za m'kope mwanu muzisunge malo awiri osiyana. Madzulo ake muwaimbire foni amayi a ku banki m'khonde aja, muwauze kuti zatheka, muwatchulire mwezi umene mudzabwerenso ndi choti ayese, ndipo muwapemphe kuti hadikava ya chaka chino asaitaye akagawana.